Nsadzu, chambo ndi Mlengi: kodi khalidwe la nyama ndi umboni wakuti Mulungu aliko?

Funso: Ndine mkulu wa mpingo ndipo Loweruka lililonse ndimaphunzitsa achinyamata a m'kalasi. Ndimakonda kuwapatsa zitsanzo za nyama: nyerere zotuta chakudya, chambo chosunga ana m'kamwa, nsadzu yolondolera munthu ku njuchi. Ndimawauza kuti asayansi alephera kufotokoza zimenezi, choncho ndi umboni wakuti kuli Mulungu. Mtsikana wina wa Fomu 4 wandiyankha kuti zonsezo anaphunzira kale ku Biology, ndipo wandifunsa kuti ngati nyama zimaonetsa ubwino wa Mulungu, nanga zimadyeranji zinzake mwankhanza? Ndinasowa chonena. Kodi ndisiye zitsanzozi? Mkulu wa mpingo, Dedza.

Yankho: Abambo, zitsanzo zanu musazitaye. Chimene ndikupemphani kuti musiye ndi mawu aja akuti "asayansi alephera kufotokoza". Nthawi zambiri mawu amenewo sakhala oona, ndipo ngakhale akhale oona chaka chino, chaka chamawa munthu wina akhoza kutulukira yankho, mwana n'kukaliwerenga pa foni inu musanalimve. Mwanayo akaona kuti chimene munamangirapo chikhulupiriro chake chagwa, amaganiza kuti Mulunguyo ndiye wagwa. Ine ndimakhulupirira Mlengi, ndipo zamoyo ndaziphunzira, ndiye ndikuuzani mosabisa kuti mtsikanayo wakuchitirani zabwino.

Tiyambe ndi nsadzu, pakuti mbalame imeneyi yanyamula mafunso onse awiri a mtsikanayo.

Zimene makolo ankanena za nsadzu n'zoona, ndipo zinalembedwa kalekale. Cha m'ma 1588 wansembe wachipwitikizi João dos Santos, amene ankagwira ntchito ku Sofala m'dziko la Mozambique, anaona kambalame kakulowa m'tchalitchi mwake n'kumajompha phula la makandulo. Analembanso kuti kambalame komweko kamatsogolera anthu ku njuchi. Kwa nthawi yaitali ophunzira ena a ku Ulaya ankaziyesa nthano za kumudzi. Mu 1989 Hussein Isack wa ku Kenya ndi mnzake Heinz-Ulrich Reyer anasindikiza zimene anapeza pakati pa anthu a mtundu wa Boran: ofula njuchi akamayenda okha m'dera lachilendo ankatha pafupifupi maola 9 asanapeze njuchi, koma mbalame ikawatsogolera ankatha maola atatu okha ndi mphindi zochepa. Mgwirizano wake ndi womveka. Mbalame imadziwa mphako imene muli njuchi koma ilibe nkhwangwa ndiponso imaopa mbola. Munthu ali ndi utsi ndi nkhwangwa koma maso ake safika patali m'nkhalango. Munthu amatenga uchi, mbalame imadya phula ndi ana a njuchi, ndipo m'mimba mwake phula limagayika, chinthu chimene nyama zochepa kwambiri zimatha.

Kafukufuku wokoma kwambiri anachitika pafupi ndi kwathu, m'nkhalango ya Niassa kumpoto kwa Mozambique, pakati pa Ayao. Ofula njuchi kumeneko amaitana mbalameyi ponjenjemeretsa milomo kenaka n'kudzuma, "brrr-hm". Claire Spottiswoode, Keith Begg ndi Colleen Begg anajambula kuitanako n'kumayenda nako m'thengo pa chimkuzamawu, ndipo maulendo ena ankaika mawu wamba a munthu kapena kulira kwa njiwa kuti ayerekeze. Zotsatira zinatuluka mu 2016. Ndi phokoso wamba mbalame inkabwera kudzatsogolera maulendo 33 pa 100 aliwonse, koma ndi kuitana kwa Ayao inkabwera maulendo 66. Mwayi wofika pa njuchi unakwera kuchoka pa 17 kufika pa 54 pa 100. Mu 2023 Spottiswoode ndi Brian Wood anaonetsanso kuti nsadzu za ku Tanzania, kumene Ahadza amaitana ndi likhweru, zimamvera kwambiri likhwerulo kusiyana ndi kuitana kwa Ayao, pamene za ku Niassa zimamvera kwambiri kwa Ayao. Mbalame ya m'tchire, imene munthu sanaiwete, imaphunzira kaitanidwe ka anthu a m'dera lake. Ngati kwanu kukadali nkhalamba imene inatsatirapo nsadzu, iitaneni Loweruka lina idzauze achinyamata mmene inkaitanira ndi chifukwa chake ankasiyira mbalame chisa pa nthambi. Mudzamva ndithu za chikhulupiriro chija chakuti ukaimana, ulendo wina idzakutengera kwa njoka.

Pang'ono pokha ndikuchenjezeni: nkhani yofala m'mabuku a ana yakuti nsadzu imatsogoleranso chiuli ili ndi umboni wochepa kwambiri. Musaiphunzitse ngati chinthu chotsimikizika.

Tsono mbali imene alaliki saitchula. Nsadzu simanga chisa ndipo silera ana. Yaikazi imazemba n'kukaikira dzira m'chisa cha mbalame ina, kawirikawiri timbalame tobiriwira todya njuchi timene timakumba una m'nthaka, ndipo ikapeza mazira a mwini chisa imawaboola ndi mlomo. Mazira ena akapulumuka n'kuswa, mwana wa nsadzu ndiye amatsiriza ntchito. Amabadwa wosaona, wopanda nthenga, koma kunsonga kwa mlomo wake kuli tingowe takuthwa. Mu mdima wa unawo amagwira anapiye a mwini chisa, kuwaluma ndi kuwagwedeza mpaka afe. Makolo a ana ophedwawo amapitiriza kumudyetsa mpaka atauluka, ndipo tingowe tija timatha iye akamakula. Zimenezi zinajambulidwa pa kanema m'boma la Choma ku Zambia, n'kufalitsidwa mu 2011. Mbalame yomwe ija ya mu ulaliki wanu, yothandiza munthu, moyo wake imauyamba ndi kupha.

Apa pali chodabwitsa china. Popeza nsadzu sikumana ndi amake, palibe kholo limene limaiphunzitsa kutsogolera munthu. Mtima wofuna kutsogolera imabadwa nawo, ndipo kaitanidwe ka m'deralo imakaphunzira pambuyo pake. Wokhulupirira ali ndi chifukwa chogomera. Koma akagoma ndi luso lotsogolera, asabise tingowe tija, pakuti zonse zalembedwa m'dzira limodzi.

Funso la mtsikana wanu linavutitsanso Charles Darwin, katswiri wa zamoyo wa ku England amene anafalitsa mfundo ya chisinthiko, yakuti zamoyo zimasintha pang'onopang'ono pa nthawi yaitali n'kubala mitundu yatsopano. M'kalata imene analembera mnzake Asa Gray mu May 1860, Gray amene anali Mkhristu wolimba ndi katswiri wa zomera ku America, Darwin anati sakanatha kudzikhutiritsa kuti Mulungu wabwino ndi wamphamvuyonse angalenge dala mavu amene ana ake amadya mbozi zamoyo kuchokera m'kati. Mavu a khalidwe lofanana tili nawo m'nyumba zathu, aja oumba timiphika tadothi pakhoma. Mukaswa kamodzi mupezamo akangaude kapena mbozi zolumidwa kuti zifooke koma zisafe, n'cholinga choti mwana wa mavuwo akaswa apeze ndiwo zosavunda. Komabe nkhaniyi ili ndi mbali ina imene Darwin sanaione. Tizilombo toyera towononga chinangwa titalowa mu Africa kuchokera ku South America m'zaka za m'ma 1970, n'kufika ku Nkhata Bay chapakati pa zaka za m'ma 1980 anthu n'kugona ndi njala, chimene chinapulumutsa minda m'maiko ambiri ndi kamavu kakang'ono kopezeka ku Paraguay, kamene kamaikira dzira m'thupi la kachilomboko. Hans Herren, amene anatsogolera ntchitoyi, analandira mphoto ya World Food Prize mu 1995. Sindikunena kuti zimenezi zikufafaniza funso la Darwin. Ndikunena kuti munthu woweruza chilengedwe poyang'ana mbozi imodzi amakhala ataona pang'ono.

Baibulo silichita manyazi ndi mbali imeneyi, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mukhalitse ndi achinyamata anu. Werengani nawo Yobu 38 mpaka 41. Munthu wataya ana ake khumi, thupi lili zilonda zokhazokha, akufuna kudziwa chifukwa. Mulungu pomuyankha sakumuonetsa nkhosa kapena njiwa. Akumufunsa ngati iye Yobu ndiye amasakira mkango nyama, ngati ndiye amakonzera khwangwala chakudya ana ake akamalira. Akumuonetsa chiombankhanga chimene ana ake amayamwa magazi. Akumuonetsa nthiwatiwa yosiya mazira pansi, yoiwala kuti phazi lingawaswe, youmira mtima ana ake ngati si ake, ndipo akunena poyera kuti Iye ndiye anaimana nzeru, koma ikayamba kuthamanga imaseka kavalo ndi womkwera. Kenaka pakubwera zilombo ziwiri zoopsa za m'madzi zimene munthu sangazimange chingwe. Salimo 104, imene imati Mulungu anapanga zonse mwanzeru, ndi yomweyo imene imati misona ya mikango ikamabangula usiku imakhala ikupempha chakudya kwa Mulungu. Olemba amenewa ankakhala pakati pa abusa a ziweto ndi alimi, ankadziwa chimene mkango umachita ndi mbuzi. Sanayese kumuyeretsa Mulungu posankha nyama zokongola zokha.

Akhristu amafotokoza nkhanzazi m'njira ziwiri. Ambiri amaloza ku Genesis 1:30, pamene nyama zipatsidwa msipu kuti zidye, ndi Aroma 8:20-22, pamene Paulo akuti chilengedwe chonse chinagonjetsedwa ku utsiru ndipo chikubuula ngati mayi amene ali m'zowawa za kubala. Kwa iwo kudyana kunadza ndi kugwa kwa munthu, ndipo Yesaya 11 akulonjeza tsiku limene mkango udzadya udzu ngati ng'ombe. Ena amati imfa imene Paulo akunena pa Aroma 5:12 ndi ya anthu, ndipo kudyana kwa nyama kunalipo kale monga mbali ya dziko limene Mulungu analitcha labwino ndithu, koma losafika pa mathero ake. Onse awiri amagwirizana pa chinthu chimodzi chimene mungauze mtsikanayo molimba mtima: dziko limene tikuliona si chithunzi chathunthu cha mtima wa Mulungu. Limaonetsa mphamvu ndi nzeru zake. Chifundo chake Mkhristu amachidziwira pa mtanda, osati m'una wa nsadzu. Ndiye chifukwa chake ine ndimapewa kutola makhalidwe abwino kwa nyama mwachisawawa. Miyambo 6:6 imatituma kwa nyerere kuti tiphunzire khama, n'zoona, koma linthumbu likalowa m'khola la nkhuku siliphunzitsa aliyense kukonda mnansi.

Tibwerere ku funso loyamba, la umboni. Njira imene mwakhala mukugwiritsa ntchito ndi yakale. William Paley, m'busa wa ku England, mu 1802 anati ukatola wotchi m'thengo umadziwa kuti pali amene anaipanga, ndipo diso la nyama ndi lopangidwa mwaluso kuposa wotchi. Mfundoyo ili ndi mphamvu, koma Akhristu ambiri anaisandutsa kusaka mipata: paliponse pamene sayansi yakakamira, pamenepo ndiye pali Mulungu. Kale anthu sankadziwa mmene njuchi imodzi imauzira zinzake kumene kuli maluwa. Karl von Frisch anaonetsa kuti imavina pa chisa, kumene yalozetsa gule wake kumasonyeza njira poyerekeza ndi dzuwa, ndipo kutalika kwa guleyo kumasonyeza mtunda. Analandira mphoto ya Nobel mu 1973. Kodi Mulungu anachepa chaka chimenecho? Amene anamuika mu mpata umenewo anayenera kumusamutsa.

Munthu amene anadzudzula kaganizidwe kameneka momveka bwino anapondapo dziko lathu lino. Henry Drummond, mlaliki wa ku Scotland amene ankaphunzitsanso sayansi pa koleji ya mpingo ku Glasgow, anakwera mtsinje wa Shire mu 1883 n'kufika ku nyanja, ndipo analemba mogoma za chiswe, mmene chimatembenuzira nthaka ya ku Africa monga zimachitira nyongolotsi ku Ulaya. Patapita zaka khumi, pokamba nkhani ku Boston, anadandaula za Akhristu amene amafufuza m'chilengedwe kufuna mipata yoti aikemo Mulungu, ngati kuti Mulungu amakhala m'mipata. Kwa iye Mulungu wogwira ntchito paliponse nthawi zonse ndi wamkulu kuposa wongobwera mwa apo ndi apo kudzakonza pamene pavuta.

Malemba amaganiza chimodzimodzi. Salimo 139 imati Mulungu anandiumba m'mimba mwa amayi anga. Namwino wa kusikelo amadziwa sabata imene mtima wa khanda umayamba kugunda, ndipo palibe amene amati popeza namwinoyo akudziwa, ndiye kuti Salimoyo yanama. Salimo 147 imati Iye ndiye amakonzera dziko mvula, ndipo timamverabe a zanyengo pa wailesi osaona kuti tachimwa. Kudziwa mmene chinthu chimachitikira sikuchotsa Mwini wake. Choncho mtsikanayo akati "izi tinaphunzira ku Biology", muyankheni kuti: chabwino mwanawe, tatifotokozere. Akatha kufotokoza, mufunseni mafunso amene Biology siyankha chifukwa si ntchito yake. Bwanji kuli chinthu m'malo moti kukhale kopanda kanthu? Bwanji dziko limayenda m'malamulo osasintha, oti munthu wa ku Niassa ndi wa ku Cambridge ku England akawerengetsa amapeza yankho limodzi? Ndipo bwanji iyeyo, pomva za mwana wa nsadzu, mtima wake ukuti "izi n'zoipa", pamene mbalameyo sikuona vuto lililonse? Muyeso umene akuweruzira chilengedwe wautenga kuti?

Umboni wa mtundu umenewu ndi umene Paulo akunena pa Aroma 1:20, kuti mphamvu yosatha ndi umulungu wake zimaoneka m'zolengedwa. Chivomerezo cha chikhulupiriro chimene Guido de Brès analemba mu 1561, chimene Sinodi ya Nkhoma ndi mipingo ina yochokera ku Dutch Reformed imachilandira, chimati m'ndime yake yachiwiri Mulungu timamudziwa m'njira ziwiri: chilengedwe chili pamaso pathu ngati buku lokongola limene zolengedwa zazikulu ndi zazing'ono ndi zilembo zake, koma amadziulula momveka koposa m'Mawu ake. Taonani kuti akuti zolengedwa zonse, osati zokhazo zimene zazunguza ophunzira. Ndi umboni wa mboni, wofuna womvera, osati samu yoti ukailemba pa bolodi aliyense agwade. Anthu anzeru aona zomwezi n'kukana, ndipo kuwanena kuti ndi zitsiru sikupindula mwana aliyense.

Pa chambo ndiye pamene mtsikanayo ali ndi mfundo yolimba, ndipo ndi bwino muidziwe. M'nyanja ya Malawi muli mitundu mazanamazana ya nsomba za banja limodzi ndi chambo, mbuna, utaka ndi ncheni, ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina kulikonse. N'chifukwa chake UNESCO inaika Lake Malawi National Park pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1984. Zazikazi zimasunga mazira m'kamwa kwa masabata angapo, zosadya kwenikweni. Zazimuna za mitundu ina zimaunjika mchenga ngati kachulu kuti zikope zazikazi. Kaligono amagona cham'mbali pa mchenga ngati nsomba yofa, kansomba kakabwera kudzajompha iye n'kukameza. Ziliponso zimene zimagunda mayi wonyamula ana kuti awalavule zidye. Ofufuza chibadwa cha nsombazi anapeza kuti n'zapachibale kwambiri, moti mitundu yooneka mosiyana imasiyana pang'ono zedi m'kati, ndipo amati pafupifupi yonseyi inachokera ku makolo ochepa m'zaka zosakwana miliyoni imodzi, nthawi imene kwa iwo ndi yaifupi.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti ngakhale Akhristu olimbikira masiku 6 enieni a chilengedwe sakana kuti nsombazi zinachokera kumodzi. Amati Mulungu analenga zamoyo "monga mwa mitundu yawo", naika m'mtundu uliwonse mphamvu yobala maonekedwe ambiri, ndipo chambo chikasintha chotani chimakhalabe cha banja lomwelo. Mkangano weniweni uli pa zinthu ziwiri: kutalika kwa nthawi, ndi ngati kusinthako kuli ndi malire. Ena amatsata kawerengedwe konga ka bishopu James Ussher, amene mu 1650 anaika chilengedwe m'chaka cha 4004 Yesu asanabadwe. Mpingo wa Seventh-day Adventist pa msonkhano wake waukulu wa 2015 unatsindika kuti chilengedwe chinachitika posachedwa m'masiku 6 enieni. Mpingo wa Katolika, kuyambira kalata ya Papa Pius XII ya 1950 ndi uthenga wa Papa John Paul II wa 1996, umalola kuti thupi likhoza kukhala kuti linadza mwa chisinthiko, koma mzimu wa munthu umalengedwa ndi Mulungu mwini. Pakati pa awiriwa pali ambiri amene amavomereza kuti dziko lili ndi zaka pafupifupi 4.5 biliyoni monga amanenera akatswiri a miyala, koma amakhulupirira kuti Mulungu analenga magulu a zamoyo mwapadera. Muyenera kudziwanso kuti pakati pa akatswiri a zamoyo, okhulupirira ndi osakhulupirira omwe, chisinthiko ndi dziko lakale n'zimene pafupifupi onse amavomereza, ndipo kuuza mwana kuti asayansi akuzisiya ndi kumunamiza. Phunzitsani chimene mpingo wanu umaphunzitsa, limenelo ndi udindo wanu, koma muuzeni kuti magulu onsewa amanena limodzi Chikhulupiriro cha Atumwi, kuti Mulungu ndi Wolenga kumwamba ndi dziko lapansi.

Augustine, bishopu wa ku Hippo m'dziko limene lero ndi Algeria, anachenjeza zaka 1,600 zapitazo pofotokozera buku la Genesis kuti n'chamanyazi ndiponso choopsa munthu wosakhulupirira, wodziwa bwino za nyenyezi, nyama ndi zomera, akamva Mkhristu akulankhula zopanda mutu pa zinthu zimenezo n'kumati ndi mmene Malemba akunenera. Womverayo adzakhulupirira bwanji Malemba omwewo akamanena za kuuka kwa akufa? Chifukwa cha chenjezo limenelo, nkhani iliyonse ya nyama imene mwailandira pa WhatsApp muyambe mwaifufuza. Ija yofala ya chiombankhanga chimene akuti chikafika zaka 40 chimathyola mlomo wake pa thanthwe n'kuzula nthenga kuti chikhalenso zaka 30 ndi yopeka, ngakhale yalalikidwa m'maguwa ambiri.

Pomaliza, za mayeso. Achinyamata ena amavutika mumtima kuti akalemba za chisinthiko pa MSCE ndiye kuti akana chikhulupiriro. Auzeni alembe zimene silabasi ikufuna, ndipo azilembe bwino. Funso likati fotokozani mfundo ya Darwin, kuifotokoza molondola ndi kunena zoona za chimene Darwin anaphunzitsa. Danieli ndi anzake anaphunzira mabuku ndi chinenero cha Ababulo kwa zaka zitatu n'kupambana onse pamaso pa mfumu. Mtsikana wanuyo mumpatse Loweruka limodzi kuti aphunzitse anzake za nsomba za m'nyanja yathu inu mutakhala pansi, kenaka muwerenge limodzi Yobu 39. Pa mutu wa chibadwa wakumana kale ndi dzina la Gregor Mendel. Mwina aphunzitsi sanamuuze kuti Mendel anali wansembe wa chipani cha Augustine ku Brno, ndipo nsawawa zimene anapezera malamulo a chibadwa, n'kuwasindikiza mu 1866, ankazilima m'dimba la nyumba ya ansembe.